Dothi la ku Chepstow

Matope a mtsinje wa Wye amanunkha mchere ndi dzimbiri madzi akaphwa. Fungo limenelo ndinalimva koyamba ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, m'chilimwe chimene achimwene anga a Madalitso anamwalira ku Ntcheu.

Ine ndi amayi tinkakhala ku Edmonton, m'chipinda chimodzi pamwamba pa shopu ya nsomba zouma. Zenera linkatseguka pang'ono chabe, ndipo sitima ikamadutsa masupuni ankalira m'kabati. Amayi ankagwira ntchito yosamalira okalamba. Pasipoti yawo inali itagona miyezi yambiri ku ofesi yoona za olowa m'dziko, podikira chilolezo chokhala. Akanaiitanitsa n'kupita kumaliro, sakanabwereranso, ndipo sukulu yanga ikanathera pomwepo. Uthenga unafika Lachinayi, maliro oika Loweruka. Ine sanandiuze. Kwathu mwana safulumira kuuzidwa za imfa.

Matikiti a ulendo wokaona linga la ku Chepstow amayi anali atagula kale, mphoto yanga yokhoza mayeso. Loweruka lomwelo tinakwera basi pa siteshoni ya Victoria, ulendo wa maola pafupifupi atatu. Amayi sanadye kanthu. Anafumbata foni m'manja, maso ali pa wotchi.

Linga la mafumu akale a kumeneko linamangidwa pamwamba pa thanthwe, m'mphepete mwenimweni mwa phompho, mtsinje wofiirira wa Wye uli pansi. Ndinathamanga m'zipinda zopanda denga, ndikuwerenga zikwangwani mokweza. Makoma anali ozizira ngakhale dzuwa linali likuswa mtengo. Ndinagwira zitseko zathabwa zakalekale, ndinasuzumira pamalo pomwe ankakwezera katundu kuchokera m'maboti. Amayi ankanditsatira chapatali.

Nthawi itakwana 1 koloko, ku Malawi ili 2, anatulutsa chitenje m'chikwama n'kumanga pamwamba pa diresi. Anavula nsapato. Kenako anakhala pansi pa udzu, pakati pa bwalo, miyendo atatambalala, mutu atawerama, monga amakhalira azimayi kumanda. Foni inali pakhutu. Ndinamva nyimbo ya kwaya patalipatali, ikudukaduka.

Alendo anzathu ankawalambalala. Mayi wina wogwira ntchito pamalopo anabwera kudzafunsa ngati akudwala. Ndinawakoka dzanja amayi anga n'kuwauza m'Chingerezi kuti adzuke, anthu akutiyang'ana.

"Khala pansi, Tadala," anatero. "Pang'ono pokha, mwanawe."

Ndinakana. Ndinakaima pafupi ndi khoma, ngati sindikuwadziwa.

Foni inaduka nyimbo isanathe. Anayesa kuimbanso kawiri, osalowa. Anapala dothi ndi zala pansi pa udzu, anapita nalo pa zenera loyang'ana kuphompho, n'kuliponya. Mphepo inabweza lina pa diresi lawo. Sanalisase.

"Tiye ndikakugulire ayisikilimu," anatero. Ndinasankha wa chokoleti.

Anandiuza za imfayo patapita milungu itatu, sukulu ili pafupi kutsegulira. Achimwenewo ndinkawadziwa pachithunzi ndi pafoni basi, choncho sindinalire kwenikweni. Amayi anakaona manda patapita zaka zinayi, udzu utamera kale.

Kwa nthawi yaitali ndinkakhulupirira kuti amayi anandiwonongera ulendo wanga. Panopo ndine wamkulu, ndipo ndimaiona nkhaniyi mwanjira ina. Pamaliro a mwana wawo woyamba anali ndi wachibale mmodzi yekha pafupi, woti akanakhala nawo pansi. Wachibaleyo anawauza kuti adzuke.