Chala Chimene Chinathela pa Khutu

Ndikamaonelela kiliketi ya maiko pa TV, ndimawachitila nsanje a ampaya, oweluza masewelawo. Akalakwitsa, kanema imabwezedwa, amasintha chigamulo, basi nkhani yatha. Ine changa palibe kamela inajambula.

Ndinali mphunzitsi wa zamasewela pa sukulu ina ku Nyimba, ndipo tsikulo tinali kusankha atsikana okasewela kiliketi ku Chipata, ampaya ndili ine. Malo a woponya mpila anatsala amodzi. Misozi, mwana wa ku Luembe, anaponya ali wopanda nsapato. Mpila unagunda pamene mbuzi zinapalasa, unakhota, n'kumenya mwendo wa Grace, womenya mpila, patsogolo penipeni pa timitengo timene womenya amateteza. Pamenepo ampaya amakweza chala, kutanthauza kuti womenya watuluka. Ndinaona bwinobwino.

Koma Grace anali mwana wa ahedi, ndipo ahediwo anali khale pansi pa mtengo wa mango, maso pa ine. Chala changa chinanyamuka, chinafika pa khutu, ndipo ndinayamba kudzikanda.

"Aticha, sanatuluke?" anafunsa Misozi.

"Bwaloli ndi loipa," ndinatelo, ngati kuti wamantha anali bwalo.

Ku Chipata kunapita wina.

Lelo Misozi amagulitsa nthochi pamene pamaima mabasi. Kaya ulendo uja ukanamusinthila kanthu, sindidziwa. Sanandidandaulilepo. Koma akandiona amamwetulila, n'kukweza chala chimodzi m'mwamba ndithu, osatsitsa mpaka nditayandikila.

"Aticha, khutu lija linaleka kuyabwa?"

Ndimangoseka nawo, n'kugula nthochi. Koma likadayabwabe.