Thandie ndi Tsache la Ochedwa

Ku Mpama mukafunsa za a Elestina, akulozerani nyumba ya zidina ili kumunsi kwa tchalitchi, imene nandolo wake amafika mpaka pakhonde. Ndi mayi wamfupi, wolankhula mothamanga, woti akapsa mtima ngakhale nkhuku zimachoka pabwalo. Amuna awo anapita ku Joni, foni n'kusiya kulira, iwo n'kutsala ndi ana atatu komanso msana wowawa. Sukulu anailekera mu Sitandade 4 ndipo chifukwa chake sabisa. Amati kubanja kwawo masamu mulibe m'magazi.

Ndiye mwana wawo woyamba, Thandie, atabwereza Sitandade 4, iwo sanadabwe. Mwanayo Chinyanja amawerenga ngati madzi, mpaka kutchalitchi amamupatsa vesi, koma masamu ndi ziro yekhayekha. "Mbuli iwe, watengera ine," ankatero mayi akewo.

Amene anatopa nazo ndi achimwene awo, a Vitalis, eni mbumba, omwe chaka chilichonse amawabweretsera thumba la fetereza.

"Achemwali, mwanayu akungotha yunifolomu," anatero tsiku lina. "Ku Limbe kuli mayi akufuna mtsikana wolera mwana. Mwezi ukatha ndibwera ndi kabaza."

Atsikana opita ku Limbe a Elestina anawaonapo mmene amabwerera, ena ali ndi mwana kumsana. Koma achimwene ungawayankhe chiyani, pamene chimanga chako chimadalira iwo?

Mkwiyo wonse anaupititsa kwa mphunzitsi. M'mawa mwake anasiya khasu, n'kumanga chitenje kuti akawafunse a Sabiti chimene amalandirira malipiro. Thandie anamusiya atapita kumjigo ndi ndowa, monga mwa masiku onse.

Atafika kusukulu, belu linali litalira kale. M'kalasi ana anali thithithi pansi, a Sabiti ali pa bolodi ndi manambala. A Elestina anaima pansi pa mtengo kudikira kuti atuluke. Posakhalitsa anaona kagulu ka ana ochedwa kakuthamanga, Thandie ali pakati, diresi itanyowa m'mapewa. Pachipata anawapatsa matsache. Anasesa bwalo, fumbi kobo! Anatola masamba, anakataya kudzala, anabwerera kukasesa kuseri kwa ofesi. Mmene Thandie ankalowa m'kalasi, a Sabiti n'kuti akufufuta bolodi.

Ha! A Elestina sanadikirenso. Anakaima pakhomo penipeni.

"Aphunzitsi, mwana wanga ndinamutumiza kuno kudzasesa?"

"Mayi, ochedwa amasesa. Ndi lamulo la sukulu."

"Nanga masamuwo amaphunzira nthawi yanji?"

A Sabiti masamu amawaika m'mawa, mitu ya ana isanatope, ndipo nthawi yosesa ndi yomweyo. Pa ana oposa zana, iwo anali asanaganizepo kuti nkhope zimene zimasowa pa masamu ndi zomwezomwezo tsiku lililonse. Anavomera kuti pamenepo sukulu inalakwitsa. Kenako anafunsa mofatsa: "Koma amachedwa kuti, mayi?"

Mzere wa kumjigo a Elestina ankaudziwa bwino, ndipo wotuma mwana kumeneko anali iwo. Manyazi anawagwira mpaka m'mapazi.

A Sabiti anaitana Thandie, n'kulemba pansi ndi chala: 42 kuchotsa 17. Mwanayo analemba 35.

"Mwaona, mayi? Si umbuli uwu. Waona kuti 7 sangachoke mu 2, ndiye watembenuza, wachotsa 2 mu 7. Tsiku limene tinkaphunzira kubwereka, iye anali ndi tsache. Masamu ali ngati khoma la nyumba, njerwa yapansi ikasowa zapamwamba zonse zimapendama."

Anawauza kuti akathyole timitengo, akamange mitolo ya khumikhumi, mwana azimasula mtolo ndi manja ake timitengo tikamuperewera. Anawapemphanso kuti mawu oti mbuli asamvekenso pakhomo, chifukwa mwana wamantha amalemba chilichonse kuti angothana nazo. A Sabiti nawo analonjeza kuti m'kalasi mwawo ochedwa azisesa akaweruka.

Kuyambira pamenepo ndowa inabwerera pamutu pa a Elestina. Msana unkabaya ngati muli minga, koma Thandie ankanyamuka dzuwa likungotuluka. Madzulo ankakhala pamkeka ndi timitengo ta nandolo tomangidwa ndi luzi. Sizinali zophweka ayi. Mwana ankalakwitsa, mayi mawu n'kufika pakhosi, n'kuwameza. Tsiku lina analephera kuwameza, anakalipa, Thandie analira mpaka timitengo kumwazika. Mawa lake anayambiranso.

A Vitalis sanadikire kuti mwezi uthe. Anatulukira m'mawa wina ndi kabaza, n'kupeza achemwali awo akutula ndowa.

"Mayi uja akufuna mwana lero. Ali kuti?"

"Ali kusukulu, achimwene."

"Mulongedzereni zovala. Ndikamutenga komweko."

A Vitalis anakwera kabaza uja. A Elestina anadula njira ya m'minda, kuthamanga ndi msana womwewo. Anafikira pamodzi pawindo la kalasi. Ndipo tsoka ilo, amene anali pa bolodi ndi choko m'manja anali Thandie, patsogolo pake pali 61 kuchotsa 28.

Mwanayo anacheuka, anaona amalume ake, anaonanso wakabaza ataima pachipata. Sanafunike kuuzidwa. Mofulumira analemba 47. Kalasi inaphulika ndi kuseka.

"Mwaona?" anatero a Vitalis. "Ndi zimene ndimanena zija." Anayamba kulowera kukhomo.

A Elestina anagwira zitsulo za pawindo. Ankafuna kulira, ankafuna kutukwana, koma chimene chinatuluka ndi mawu otsika, onga a pamkeka paja. "Thandie mwanawe, usayang'ane kuno. Timitengo takuperewera. Utani?"

A Sabiti anakweza dzanja, ana anati zii. Thandie anayang'anitsitsa bolodi. Anafufuta 47 ndi chikhatho, n'kupukutira pa diresi. Anadula 6, analemba 5 pamwamba pake. Milomo inkagwedera akuwerenga. Analemba 3, anaima, anawerenganso zala zonse, n'kulemba 3 wina.

"Wakhoza," anatero a Sabiti.

A Vitalis anali ataima pakhomo. Anayang'ana bolodi, anayang'ana achemwali awo.

"Samu imodzi basi, ndiye ndikachite manyazi kwa mayi ndinawalonjeza kale?"

"Mwanayu sapita, achimwene."

Anali asanawayankhepo chotero chibadwire, ndipo mawuwo anawaopsa eni ake omwe.

"Chabwino. Koma za fetereza chaka chino musandifunse."

"Ndamva, achimwene."

Kabaza anabwerera ndi munthu mmodzi. A Elestina anatsala atagwirabe zitsulo zija. Mvula inali pafupi, ndipo munda wawo wa mchenga popanda fetereza ankaudziwa zimene umabereka. M'kalasimo a Sabiti analemba samu ina, ndipo Thandie anapempha kuti asabweze kaye choko.