Kanthu Kabwino ka Mayi wa ku Mkaika

Fungo la nsawa zokazinga limandikumbutsa nyengo yozizira ya chaka chimene atate anamwalira. Ndinali kamtsikana ka pulayimale, kumudzi kwathu kufupi ndi Mkaika. Nsawa tinakolola zambiri, koma ogula oyendayenda ankatchula mtengo wachipongwe. Ndiye amayi anayamba kuzikazinga pachiwaya, kuzisinja mumtondo mpaka mafuta kunyezimira, n'kuika chipondecho m'mabotolo. Mabotolo anadzaza pawindo, wogula osaoneka.

Tsiku lina tili ku Katete, amayi anandiuza kuti ndikopere manambala a foni olembedwa pamakoma a magolosale. Titabwerako tinakhala pakhonde, iwo akunena, ine ndikulemba pa kafoni kong'aluka galasi kamene atate anasiya. Uthengawo unati: "Muli bwanji bambo? Ndine mayi wa ku Mkaika. Ndili ndi kanthu kabwino koti ndikuonetseni. Tingakumane liti?" Nditafunsa ngati titchule chiponde, amayi anati munthu wosamudziwa suyamba n'kumutsatsa malonda, ndi mwano.

Ambiri sanayankhe. Koma m'mawa mwake foni inalira tikutong'ola chimanga, ndipo mawu a mzimayi anamveka mpaka pamene ndinakhala.

"Ndiwe ndani iwe wofuna kukumana ndi amuna anga? Ku Mkaika ndimakudziwa. Ndikupeza, ndipo mpingo wanu wonse umva!"

Amayi anatsegula pakamwa, koma foni inali itadulidwa kale. Titaimbanso, sanayankhe.

Kuyambira pamenepo njinga yamoto iliyonse yodutsa pamsewu wafumbi ndinkaiyesa ya mzimayi uja. Ndinkathawira kuseri kwa nkhokwe n'kumasuzumira pakati pa nsungwi. Kutchalitchi ndinkayang'anitsitsa akulu a mpingo pamene ankalengeza zolengeza, ndikudikira dzina la amayi. Mkazi wamasiye sachedwa kunenedwa, izi ndinkazidziwa ngakhale ndinali mwana. Amayi anasiya kukazinga. Chiwaya chinachita dzimbiri, ndipo kafoni kaja ankakabisa pansi pa mphasa ngati kaluma.

Loweruka lina anavala chitenje chawo chakutchalitchi, nakulunga botolo limodzi m'nsalu. Tinakwera minibasi kupita ku Katete, ku golosale imene nambala yake inatiimbira ija. Golosaleyo inali kuseri kwa msika, yonunkhira sopo ndi parafini, ndipo pakauntala panali mzimayi wamtali wovala duku lofiira. Ndinagwira chitenje cha amayi mwamphamvu.

"Mayi wa ku Mkaika uja ndine," anatero amayi. "Kanthu kaja ndi aka. Ndimasinja chiponde, ndimafuna muzigulitsa muno."

Mzimayi uja anamasula nsalu ija. Kenako anatsegula botolo, napisamo chala, nalawa.

"Inu amayi inu, mukanangolemba kuti chiponde! Mwandigonetsa ndi njala masiku onsewa."

Sanaseke, ndipo sanapepese. Anangoti tibweretse ena, mchere tichepetseko.

Madzulo ake tinalembanso uthenga: dzina la amayi, chimene akugulitsa, kukula kwa botolo, mtengo wake, ndi tsiku limene amabwera ku Katete. Pa mawu oti "ndikugulitsa" amayi anaima kaye, akuyang'ana pansi.

Kalelo ndinkaganiza kuti choopsa chinali mzimayi wa duku lofiira. Lero ndimaona kuti amayi ankaopa china. Moyo wawo wonse, amene ankagulitsa zinthu anali atate, ndipo kutchula malonda poyera kunali kuvomera pamaso pa alendo kuti tsopano atsala okha.