Mawu a Mwana wa M'kaseti

Ndikukumbukira chaka chimene Chilomoni yense ankaopa mzukwa, osadziwa kuti mzukwawo ndinali ine, Sesiliya wa Sitandade 6 amene ankatunga nawo madzi pampopi.

Achimwene anga a Dominiki, amene ankandiposa ndi zaka khumi, anali ndi gulu loimba ndi anzawo atatu. Ankalitcha Malata Otentha. Nyimbo zawo sizinali za kwaya, sizinalinso zija zinkalira m'maminibasi. Zinali za magitala okalipa ndi ng'oma zothamanga ngati matalala padenga, eni ake ankati ndi roko. Bambo athu, kalipentala wochokera ku Nsanje yemwenso anali mkulu wa mphakati wathu wa Katolika, ankangoti "phokoso lija", ndipo gitala m'nyumba mwawo sinkalowa.

Loweruka lina achimwene anandipeza ndikuimba uku ndikuchapa yunifolomu. Anati akufuna mawu a mwana pa nyimbo imodzi. Kwa amayi tinanama kuti ndikupita ku kwaya ya ana, koma tinakatsikira ku Chitawira, m'kachipinda kojambuliramo nyimbo kuseri kwa nyumba ina komwe makoma anawamata ndi makatoni a mazira. Munkanunkha thukuta ndi fumbi la kapeti. Anandiveka zomvera za m'makutu zazikulu kuposa mutu wanga, nandiphunzitsa mizere iwiri ya mwana amene akuitana mayi ake kuti adzamutenge chifukwa akumva kuzizira. Ndinaimba kanayi. Anandigulira sikono, n'kundilumbiritsa kuti ndisauze munthu.

Chimbale chawo choyambacho chitatuluka, dzina langa silinalembedwe pachikuto. Panali anyamata anayi ovala zakuda, osamwetulira, ataima pamiyala ya m'phiri. Achinyamata anachikonda kwambiri, moti wometa tsitsi wa pamsika ankayamba kuliza kasetiyo asanasese n'komwe. Koma amene anajambula nyimboyo ku Chitawira kuja anali atachita zakezake ndi mawu anga. Ankamveka ngati akuchokera pansi pachitsime, akubwerezabwereza mpaka kuzilala. Ine mwini wake nditawamva koyamba, thupi linandichita tsemwe.

Mphekesera ndinaimvera pampopi, ndili pamzere ndi ndowa. Mayi wina wogulitsa tomato anati mawu amenewo si a munthu wamoyo. Wina anawonjeza kuti ku Machinjiri akuti kunasowa mwana, ndipo anyamata ovala zakudawo ndi amene anamupereka nsembe kuti atchuke. Kenaka anandiona.

"Iwe Sesiliya, mchimwene wakoyo usamamuyandikire. Wotsatira ndiwe."

Madzi a tsiku limenelo theka lake anatayikira m'njira pothamangira kunyumba.

Sabata isanathe, mnzanga amene tinkakhala desiki imodzi anasamuka. Wometa uja anaphwanya kaseti yake ndi mwala anthu akuona. Yusufu, woimba ng'oma wa gululo, mwana wa telala wa pafupi ndi mzikiti, anamugenda pamsika mpaka anakamusoka pamphumi. M'mawa wina tinadzuka chitseko chathu chitalembedwa ndi makala kuti "Asatana". Amayi anachipukuta mwakachetechete, misozi ikutsika.

Chakudya chinasiya kundilowa. Ndinakawapeza achimwene kuseri kwa nyumba n'kuwapempha kuti tingoulula.

"Ukanena, ababa akutumiza kumudzi, sukulu yako ithera pomwepo," anatero. "Unanamizira tchalitchi, waiwala? Khala chete, zitha zokha."

Sizinathe. Lamulungu masana, titangobwera ku Misa, ndinamva phokoso likukwera njira ya kwathu ngati la anthu othamangitsa wakuba. Anthu anadzaza pabwalo, akuponda matabwa a bambo. Ena ndinali nditangogwirana nawo chanza m'tchalitchi. Bambo wina wamtali anatula wailesi ya kaseti pa benchi yopalira matabwa. Mnyamata amene anali kumbuyo kwake anali ndi tayala paphewa ndi botolo m'manja, ndipo fungo la petulo linandipeza kuseri kwa diramu ya madzi komwe ndinabisala.

Bambo athu anaima pakhomo atatambasula manja, achimwene ali kumbuyo kwawo. Malaya a ku Misa anali atanyowa ndi thukuta.

"Tiyeni tikakambirane kwa ansembe," anatero.

"Atiuze kaye mwana wa m'kasetiyu ali kuti!" anakuwa wamtali uja, n'kutsegula wailesi.

Magitala analira, kenaka mawu anga anatuluka, akuitana mayi. Azimayi ena anachita chizindikiro cha mtanda. Wa tayala uja anasendera kutsogolo n'kutsegula botolo.

Mmene ndinachokera kuseri kwa diramu sindikudziwa. Ndinangozindikira ndaima pakati pa anthu, sokosi imodzi itagwa, mkodzo ukutsika m'mwendo. Ndinazimitsa wailesi ija. Nditatsegula pakamwa panangotuluka mpweya. Ndinayesanso, ndipo mizere iwiri ija inatuluka yonse, monjenjemera koma yake yomweyo.

Kenaka mayi wa tomato uja anakuwa kuti mzimu wandilowa, ndipo ena anayamba kuthawa akudumpha matabwa.

"Mzimu wanji?" anakalipa amayi, akundikokera m'chitenje mwawo. "Uyu ndi Sesiliya wanga, ndinamubereka ndekha! Imbanso, amve bwino anthu opanda manyaziwa!"

Ndinaimbanso. Wina kumbuyo anaseka, kuseka kwa manyazi, ndipo anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi osayang'anana. Tayala lija analisiya pomwepo.

Ndinkayembekezera chikwapu. Koma bambo anakhala pansi pakhonde. Anatiyang'ana awirife, ine ndi achimwene, nthawi yaitali.

"Masiku onsewa munkadziwa," anatero motsitsa. "Ndiye kuti inu ana anga mumandiopa ine kuposa moto?"

Aka kanali koyamba kuwaona bambo akulira.

Gulu lija silinatulutsenso chimbale china. Makolo a Yusufu anamutumiza kwa amalume ake ku Mangochi, ndipo achimwene analowa ntchito ya matabwa, mmene alili mpaka lero. Masiku ano magitala amalira m'matchalitchi momwe, ndipo mwana wanga wamkazi amajambula nyimbo pafoni ali chigonere pampando. Mphekesera zokha ndi zimene sizinakalambe, zangopeza miyendo yothamanga kuposa kale. Koma mwana wangayo akangokhala duu masiku awiri, chakudya osachikhudza, sindiyamba n'kumufunsa chimene walakwa. Ndimakhala naye pansi, ndimafewetsa nkhope, n'kudikira mpaka alankhule.