Kaseti ya ba Gayidensi

Ananditengera mawu anga ndi nkhani ya atate anga, n'kuziika pa kaseti, n'kupita nazo ku Lusaka. Amene anachita zimenezi ndi mphunzitsi wa uphungu wa ku sekondale kwathu, amene ana tonse tinkawatchula kuti ba Gayidensi. Sanachite kuba ayi. Ndinapita ndekha, ndinakhala pampando, ndipo ndinawapatsa zonse ndi pakamwa panga.

Sukulu ndinasiyira kumapeto kwa giledi 11. Inali nthawi imene mafakitale a kuno ku Kafue ankachotsa anthu ntchito m'magulumagulu, boma likuti likuwagulitsa. Atate anali m'gulu loyamba. Nyumba yathu ya ku Estates tinaikamo anthu a lendi, ife n'kukapanikizana m'zipinda ziwiri ku Nangongwe. Amayi anayamba kukaoda nsomba ku Chanyanya. Ine ndinakhoma kantemba m'mbali mwa msewu, n'kumagulitsa ndudu, makandulo, mafuta ophikira a m'timabotolo ndi ufa wa m'timapepala. Fizi inali itandikanika, ndipo a hedi sankalola mwana wosalipira kulowa m'kalasi.

Chaka chatsopano chitayamba, anzanga ali mu giledi 12, ba Gayidensi anatulukira pa kantemba kanga. Anagula kandulo imodzi, n'kuima osachoka, akundilonjera monga wamkulu alonjerera mwana.

"Shani, mwaiche? Bizinesi iyenda?"

"Iyenda che, ba Ticha."

"Nifuna unithandize."

Anandifotokozera kuti digiri ya uphunzitsi anali nayo kale, koma ankafuna kubwerera ku yunivesite kukachita maphunziro apamwamba a uphungu wa ana asukulu. Fomu anali atadzaza, makalata owachitira umboni anali atapempha. Chotsala chinali kaseti. A ku yunivesite ankafuna kumva munthu akukambirana ndi mwana amene ali ndi vuto, kuti adziwe ngati ntchitoyo angaithe.

"Baja bali mu kalasi mavuto yao ni kuchedwa na zibwenzi," anatero. "Iwe vuto yako ni ya zoona."

Ndinafunsa kuti ine ndipezapo chiyani. Anati pali mpingo wina umene umalipirira ana ochepa ovutika chaka chilichonse, fizi ndi mayeso omwe, ndipo mayina a anawo amadzera kwa iwo asanafike kwa a hedi. Kalembera wa mayeso a giledi 12 ankatsekedwa teremu yoyamba isanathe. Dzina langa likanalowa nthawi isanakwane, ndikanabwerera. Ndinavomera pomwepo. Ndikanakana bwanji?

Tinakumana Loweruka kusukulu. Anandiuza kuti ndivale yunifolomu. Ndinawakumbutsa kuti kaseti ilibe maso, koma anati ndikavala ndidzalankhula ngati mwana wasukulu. Malaya anali atandithina m'khwapa. Ofesi yawo inali chipinda chosungiramo madesiki othyoka, chonunkha fumbi ndi mileme. Wayilesi ya kaseti anabwereka ku kwaya ya tchalitchi chawo. Anaiika pakati pathu, n'kudina mabatani awiri.

Tinayamba m'Chingerezi, poti zinali zopita ku yunivesite, koma nditafika pa atate Chingerezi chinandithera. Ndinanena zimene ndinali ndisanauzepo munthu. Tsiku lina ndikudutsa pamsika ndinaona atate atayala saka pansi, pakati pa ogulitsa salaula, zovala zovalidwa kale zija. Pa sakapo panali ovolosi yawo ya ku fakitale, chisoti ndi majombo. Munthu amene ankayang'anira anzake pa makina anali atanyonyomala, akukangana mtengo ndi kamnyamata ka msinkhu wanga. Maso athu anakumana. Iwo anatembenukira kumbali ngati sakundidziwa, inenso ndinadutsa ngati sindikuwadziwa. Madzulo tinadya nshima mbale imodzi osatchula kanthu. Ndikunena zimenezi ndinalira, ndipo sikunali kulira kochita kupanga.

Ba Gayidensi anamenya desiki.

"Iyayi, mwaiche, izi sizingachitike! Pa Mande nizayenda kwa ba hedi ine mwine. Uzabwelela mu kalasi, nakulonjeza."

Mtima wanga unakhala pansi. Kwathu munthu wamkulu ukamutulira vuto amayankha choncho. Amanena chimene achite, ndipo amaimirira.

Anabweza kaseti kuti timvetsere. Titafika pa mawu awo aja, nkhope yawo inagwa. Anatulutsa kabuku kamene a ku yunivesite anawatumizira, n'kumayendetsa chala pamizere. Kabukuko kankati phungu wamakono salonjeza, salangiza, ndipo sasenza vuto la mwana. Ntchito yake ndi kumvetsera ndi kubwezera mwanayo mawu ake, mpaka mwanayo apeze yekha njira.

"Bakamvela izi ku Lusaka, bazanikana," anatero. "Tiyambe futi."

"Nilile futi, ba Ticha?"

"Kamba che monga mwamene unakambila."

Kaseti inali imodzi yokha. Anaibwezera poyambira, n'kujambula pamwamba pa zoyamba zija. Ndinaona tepi ikuzungulira, ikudya lonjezo lawo.

Ulendo wachiwiri anakhala mwaulemu, manja pamaondo, mutu atapendeketsa. Ndikati atate anatembenukira kumbali, iwo ankati, "Namvela kuti unamvela nsoni." Ndikati kunyumba sitilankhulana, ankati, "Namvela kuti ku nyumba kuli zii." Ndinkangolankhula ndi chiphompho chobweza mawu. Misozi inabweranso, koma tsopano inali ya mkwiyo. Kumapeto ndinafunsa mwachindunji.

"Nanga ba Ticha, nibwelela liti ku sukulu?"

"Namvela kuti ufunisisa kubwelela. Iwe uganiza ungachite chani?"

Ndinaganiza kuti ndi sewero la pa kaseti chabe, kuti za Lolemba zija zikadalipo. Ndinayankha zimene ankafuna kumva, kuti ndiyesetsa kusunga pang'onopang'ono za pa kantemba. Anazimitsa wayilesi, n'kundigwira chanza, akumwetulira ngati munthu amene wagula ng'ombe motchipa.

Amayi nditawauza, anasiya kupala nsomba.

"Za m'nyumba muno wakaziika pa wayilesi? Atate ako asamve."

Lolemba ba Gayidensi sanapite kwa a hedi. Anakwera minibasi ya ku Lusaka kukapereka mapepala awo. Sabata yotsatira anabwereranso chifukwa kalata ina inalibe chidindo. Kenako anaitanidwa kukafunsidwa mafunso. Ine ndinkatseka kantemba m'mawa n'kukaima pageti, mlonda n'kumandiuza kuti sanabwere, kapena ali m'kalasi, kapena angotuluka kumene. Ndikawapeza ankati, "Niziba, mwaiche, niziba. Nikasiliza che izi za ku Lusaka." Makasitomala anga anazolowera kugula pa kantemba ka mayi wina wa tsidya la msewu.

Nditatopa ndinalowa ndekha mu ofesi ya a hedi, nditavalanso malaya othina aja. Anandimvetsera akusaina mapepala ena. Anati mayina a ana olipiriridwa ndi mpingo anapita kale, kalembera wa mayeso anatsekedwa, ndipo za ine palibe amene anawauzapo.

"Ukanabwera msanga," anatero. "Udzayesenso chaka cha mawa."

Chaka cha mawacho mpingo uja unasiya kulipirira ana. Koma zimenezo ndinali ndisanazidziwe. Ndinatuluka, ndinavula malaya aja panjira, n'kuyenda ndi vesiti mpaka ku Nangongwe.

Patapita miyezi ndinakumana nawo pa siteshoni ya maminibasi, ndikukagula katundu. Anali ndi sutikesi ndi jekete yatsopano. Anandiona ndisanathe kupatuka.

"Mwaiche! Bananitenga! Ndipo uziba chani? Kaseti ija ba lekichala banaikonda maningi. Bakuti bazayamba kuiliza mu kalasi, kuti bena baphunzilepo. Mau yako yafika ku yunivesite!"

Ndinawayang'ana. Ndinaganiza za anthu ovala bwino atakhala m'mizere, akulemba manotsi pa majombo a atate anga.

"Nanga zina yanga, ba Ticha? Simunaipeleke."

Sanakane, sanapepese. Anaika sutikesi pansi, anapendeketsa mutu monga muja anachitira m'chipinda cha madesiki, n'kulankhula ndi mawu ofewa.

"Naona kuti ukali okalipa. Ufuna tikambepo?"

Pamenepo ndinadziwa kuti silinali sewero. Anali ataphunzira kale. Kondakitala anaitana a ku Lusaka, iwo ananyamula sutikesi, n'kukhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala. Ndinalibe mphamvu yotukwana. Ndinapita kukagula makandulo anga.

Ndimamva kuti masiku ano ali ndi ofesi, ndipo amaphunzitsa aphunzitsi ena mmene angamvetserere ana. Mwina amamvetsera bwino. Ine ndikadali pamsewu womwewo, satifiketi ndilibe. Ngongole yawo kwa ine ndi giledi 12 yonse, materemu atatu ndi mpando wa mayeso, ndipo sanabwezepo ngakhale tsiku limodzi.