Khadi la nkhono ndi siteji ya Pamkuyu

Lachiwiri lapitali ndinapita ku bwalo la ndege ku Chileka kukachingamira achemwali anga, a Esinati, amene akhala kunja zaka khumi ndi chimodzi akusamalira okalamba. Sanabwere kudzacheza ayi. Bambo athu ku Lirangwe ali gone mwezi wachiwiri tsopano, ndipo aliyense akalowa m'chipinda mwawo amamufunsa kuti, "Ndiwe Esinati?"

Mwini galimoto amene ndinapangana naye anandigwiritsa fuwa lamoto. Tinangokwera minibasi, sutikesi pamiyendo. Titasintha minibasi pa Kameza, achemwali akufunafuna makwacha m'chikwama, kanagwa kakhadi kabuluu. Ndinakatola.

"Ka ku banki aka?" ndinafunsa.

"Ayi achimwene, nkokwerera basi ndi sitima. Umangokakhudzitsa pa kamakina ka pakhomo, kakalira kuti pii, walowa."

Zamakinazo sizinandidabwitse kwenikweni, poti ndinazimvapo kale. Chinandigwira mtima ndi dzina. Akuti khadilo analitcha dzina la nkhono ya m'nyanja, ija imabisa ngale m'chigoba mwake. Taganizani, mzinda wa anthu miyandamiyanda, wa sitima zoyenda pansi pa nthaka, kukhala pansi nkugwirizana kuti chinthu chimene aliyense azinyamula m'thumba chikhale nkhono!

Achemwali anapitiriza. Anzawo a kuntchito amachokera m'maiko osiyanasiyana, ndiye nthawi yopuma amaonetsana makhadi akwawo. Mzinda wina unatcha lake dzina la chinyama cha m'madzi cha miyendo isanu ndi itatu, poti limafika mbali zonse. Wina unasankha mwala wonyezimira umene amakumba m'dziko mwawomo. Palibe amene amati "khadi loyendera". Amalitchula dzina, ngati mwana wa pakhomo.

"Nditangofika ndinkasochera tsiku ndi tsiku," anatero. "Maina a masiteshoni lilime linkakana. Koma ndikangoonetsa kameneka nkutchula dzina lake, munthu ankamwetulira nkundilozera njira. Ndi mawu oyamba amene anandichititsa kumva kuti nanenso ndine wa mumzindamo."

Apa nkuti minibasi yonse itatchera khutu.

Mayi wina amene anafukata dengu la tomato, wopita ku msika wa Lunzu, ndiye anayamba. "Khadi lotereli likadzabwera kwathu kuno, lidzakhale Finyanani."

Tonse kuseka, poti pampando wa anthu atatu tinalipo anayi ndi sutikesi.

Bambo wina wa jekete lakuda, wooneka ngati mkulu wa mpingo, anakana. "Iyayi mayi, dzina lizikhala la ulemu. Litcheni Kamba. Amachedwa, koma amafika."

Kondakitala, bambo wa imvi zake, anamaliza kutolera ndalama. Kenaka anati, "Ine ndagwira chitseko ichi zaka zambiri. Mawu amene munthu amanena ndi mtima wonse akamatsika ndi amodzi basi: Tafika."

Palibe anaseka. Mayi wa tomato uja anangoti, "Eya, limenelo."

Abale, mphindi zosakwana khumi, popanda komiti, popanda msonkhano wa ku hotela, anthu osadziwana anapeza maina atatu amoyo. Nanga bwanji zinthu zatsopano zikamabwera kwathu kuno timazipatsa zilembo zinayi zachingerezi zimene ngakhale wozilemba amayamba wakanda m'mutu kuti akumbukire tanthauzo? Tinauzidwa ndi yani kuti chinthu chikakhala cha makina sichingatchedwe m'chinenero chathu?

Titadutsa Lunzu achemwali anatembenukira kunja. Maso anali pawindo. Pamene anasiya minda ya chimanga pali mashopu, pamene panali thengo pali mipanda ya njerwa. Ndinaona manja awo akufinya chikwama.

"Achimwene, sindikuzindikirapo," anandinong'oneza. "Ndikanakhala ndekha ndikanapitirira. Kwathu kwenikweni, ine osakudziwa? Nanga bambo akandiona adzandidziwa?"

Kondakitala anatembenuka.

"Amayi a sutikesi, mutsikira pati?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, koma achemwali anandipitirira. Mawu anangotuluka okha, mwamantha, ngati akufunsa.

"Pamkuyu?"

"Pamkuyu wotsika!" kondakitala anakuwa, uku akumenya denga.

Minibasi inaima. Tinatsika. Achemwali anayang'ana uku ndi uku. Panali kagolosale, anthu a kabaza atatu, ndi mbuzi ikudya makoko a nthochi.

"Nanga mkuyu uja?"

"Unagwa ndi mphepo kalekale," ndinatero. "Ngakhale chitsa anachizula."

"Koma amaimabe?"

"Amaimabe."

Anakhala pa sutikesi paja nkuyamba kulira, kulira kosakaniza ndi kuseka, a kabaza mpaka kuyang'anana. Ine ndinaima pambali. Mtengo kulibe. Amene anayamba kutchula malowo anapita kale kumanda. Palibe chikwangwani, palibe ofesi inalembapo. Koma madalaivala amene sanauonepo mkuyuwo amaponda buleki pamalo pomwepo, tsiku lililonse, chifukwa cha dzina lokha.

Kodi si zomwezo zimene mizinda ikuluikulu ija ikufuna ikamatcha makhadi awo maina a nkhono ndi miyala? Ikufuna mawu amene mlendo angagwire nkumva kuti ali kwawo. Iwo amalemba ntchito akatswiri kuti awapezere. Ife tili nawo mumsewu monsemu: Pachigayo, Pamjigo, Pamango, Pamanda. Tinangowazolowera, ndiye sitiwaona.

Tinafika kunyumba dzuwa likupendeka. Bambo anali chogona, maso ali kudenga. Achemwali anagwada pambali pa mphasa.

"Ndiwe Esinati?"

"Ndine, bambo."

Anawagwira dzanja nthawi yaitali. Kenaka, ndi mawu otsika kwambiri, anafunsa funso limene amafunsa mlendo aliyense chiyambire tili ana.

"Wayenda bwanji? Sanakupitirize?"

"Ayi bambo, ananditsitsa pamalo pake."

Bambo anagwedeza mutu, nkupempha phala. Aka kanali koyamba sabata yonseyo kupempha chakudya okha.

Inu owerenga, mawa mukamauza kondakitala potsikira, tadzayesani kumvetsera mawu amene atuluke pakamwa panu. Siteji yanuyo imatchedwa chiyani? Nanga mukumudziwa amene anaitcha?