Kansalu ka pa Mkono wa Jekete

Banki ina ya mumzinda wa Tete itandiimbira kuti ndikayambe ntchito yoyeserera ya miyezi itatu, sindinafunse munthu ngati ndipite kapena ayi. Ndinali nditatha chaka chathunthu ndikupalira mbatata m'munda mwa amayi kufupi ndi Fonte Boa, dipuloma yanga ya kontabilidade, ya zowerengera ndalama, ili m'sutikesi ngati mbewu yoiwalika. Funso linali limodzi basi: kodi munthu wa kubanki amavala chiyani? Ine ndinali ndi buluku limodzi la kutchalitchi ndi malaya awiri otopa kolala.

Ababa ndi telala. Anaphunzira kusoka ku Dedza nthawi imene anathawira nkhondo, ndipo makina amene anabwera nawo pa njinga akulirabe pakhonde pathu. Iwo ndiwo ananditengera ku msika wa Ulongwe, pa mulu wa zovala zakale zochokera kunja, zimene ife timati kalamidade, anzathu a ku Malawi amati kaunjika. Ankanyamula jekete lililonse m'manja ngati akuyeza nkhuku. "Jekete labwino limadziwika ndi kulemera," anatero. Tinasankha laubweya, lokhuthala ngati bulangeti. Unali mwezi wa Juni, chisanu chikuluma makutu, ndiye ndinaona kuti nzeru zawo n'zakuya.

Analiphwasula mapewa, nalisoka mwatsopano mpaka linandikhala bwinobwino. Pomaliza anatsegula chitini chawo cha mabatani, natulutsa kansalu kakang'ono kolembedwa dzina lachizungu ndi ulusi wagolide, kamene majekete atsopano amakhala nako pamkono. Anakasokerera pafupi ndi dzanja lamanzere. "Tsopano ndiye jekete," anatero, akudula ulusi ndi mano.

Kutentha kwa ku Tete ndinkangokumva m'nkhani. Shapa, minibasi imene ndinakwera, itatsika mapiri ndinayamba kukumvetsa. Tsiku loyamba ndinayenda wapansi kuchoka pa kachipinda kanga ka lendi, ndipo pofika pakhomo la banki malaya anali atamatirira kumsana, ine ndikununkha nkhosa yonyowa. Koma jekete sindinavule. Ndinali nditamva kuti mwa ife anayi oyeserera adzatsala awiri, ndipo sindinkafuna kubwerera kumudzi kukauza ababa kuti ntchito ya manja awo sinathandize.

Ndili ndi chibadwa choyang'anitsitsa zinthu, ndiye ndinayamba kuwerenga anzanga ngati buku. Ndinadabwa kuti amene ali ndi udindo waukulu ndi amene amavala zosakuwa. Shefe wathu, bwana wa banki yonse, ankangosinthasintha malaya oyera ndi abuluu. Wachiwiri wake nsapato zinali zomwezo tsiku lililonse, koma zopukutidwa mpaka kudzionera nkhope. Chimene sindinkachimvetsa n'chakuti aliyense akandipatsa moni, maso ake ankatsikira pa mkono wanga wamanzere, kenako n'kumwetulira. Ine ndinkati akusirira, mpaka ndinkaika mkonowo pamwamba pa tebulo dala.

Patatha milungu iwiri, a Dona Luiza, mayi wachikulire wa pa kaisha, polandirira ndalama, amene amayi awo anali a ku Lifidzi kufupi ndi kwathu, anandiitanira kumbali nthawi ya nkhomaliro. Anandiyankhula m'Chinyanja, koyamba kuchimva chichokereni kwathu.

"Mwana wa kumapiri, bweretsa mkonowo." M'dzanja anali ndi kasizasi. "Kansaluka n'ka m'sitolo. Munthu akagula amakachotsa. Anzako akutcha kale dzina lakuti Etiketa, dzina la kansalu komweka."

Ndinachita manyazi. "Anasoka ndi ababa," ndinatero.

"Ndaona. Kasokedwe kotere kulibe kuno. N'chifukwa chake ndidula ulusi wokha, nsalu sindiikhudza."

Tsiku lomwelo anandiphunzitsa zimene ku sukulu sanatiuze. Mabuluku awiri akuda akwana. Malaya anayi opepuka, opanda maluwa. Gravata, tayi ya pakhosi, imodzi yosalongolola, lamba wofanana ndi nsapato. Jekete lizigona kuntchito pa mpando, ndizilivala ndikalowa m'mphepo ya makina, osati kuyenda nalo padzuwa ngati wolapa machimo. Ku kalamidade ndizipita m'mawa umene amatsegula mabelo, ndiziyamba kuyang'ana kolala ndi m'khwapa, ndikagula ndizipita nazo kwa telala azindichepetsera. "Chotchipa chokukwana chimaposa chodula chokukhwepa," anatero. Ndinagula zonsezo pang'onopang'ono, mwezi uno malaya, mwezi wamawa nsapato, masiku ena ndikudya mkate ndi tiyi kuti zitheke.

Lamlungu ndilo linkandivuta. Ndikachapa malaya anga anayi n'kuwayanika, ndinkakhala pakhomo kuwayang'ana akuuma, popanda woti ndimuseke kapena kukangana naye. Ndinkasowa kwathu kwambiri. Masana ababa ankaimba pa foni ya amayi, funso lawo lomwelomwelo: "Jekete likugwira ntchito?" Akapempha chithunzi ndinkajambulitsa mkono wamanzere uli kumbuyo, ngati msilikali. Kansalu kaja ndinkakasunga m'kachikwama, kuseri kwa chitupa.

Miyezi itatu itatha ananditenga. Ndinatumiza ndalama ya feteleza kumudzi, amayi analira pa foni, koma za kansalu sindinanene.

Ndinabwerera patatha chaka, Juni winanso. M'mawa wa ulendo ndinabwereka singano kwa mayi wa nyumba n'kusokereranso kansalu kaja pamalo pake. Shapa itayamba kukwera mapiri, anthu akukumbatira manja ndi kuzizira, ndinavala jekete langa ndipo kwa nthawi yoyamba linali pakwawo.

Ababa ndinawapeza pa makina. Tisanamalize n'komwe malonje anagwira mkono wanga, naukweza kuwala.

"Wasoka apa ndani? Nkhuku?"

Bodza linandithawa. Ndinawauza zonse, za dzina la Etiketa, za milungu iwiri yoonetsa mkono patebulo, za a Dona Luiza ndi kasizasi kawo. Ndinkayembekeza kuti akhumudwa. Iwo anangosisita kansaluko ndi chala.

"Ndinkadziwa," anatero. "Kuchilendo wokusekerera sasowa. Bwenzi ndi amene amakuuza chochititsa manyazi. Ndinakasoka kuti umupeze msanga."

Mpaka lero sindidziwa ngati ankanena zoona kapena anaipeka pomwepo kuti tonse awiri tipume. Ababa ndi munthu wotha kusoka chigamba chosaoneka. Anatenga lumo, namasula ntchito yanga ya nkhuku ija, naponya kansaluko m'chitini. Kenako anafunsa za mabuluku a ku Tete, ngati akuvala opana kapena otaya, ndipo anamvetsera ngati mwana wa sukulu.

Lamlungu tinapita ku misa ku Fonte Boa. Ine ndinatsogola ndi amayi, ababa anati atipeza. Tili panja pa tchalitchi ndinayamba chizolowezi changa chowerenga zovala, ndipo ndinaona chimene ndinakula ndikuchiona osachimvetsa. Azibambo angapo anali ndi tinsalu pamikono, ndipo ndinkawadziwa onse: uyu mwana wake ali ku Joni, uyo mwana wake ndi namwino ku Beira. Kuno kansalu sikanena za sitolo, kamanena kuti uli ndi wako kutali amene zikumuyendera.

Ababa anafika pa njinga, atavala jekete lawo lakale lomwe ndalidziwa kuyambira ndili mwana. Anatsika, nayamba kupereka moni kwa anzawo, akukweza dzanja lamanzere pamwamba kuposa mmene moni amafunira. Ulusi wagolide wa kansalu kanga kaja unkanyezimira padzuwa.

Atandiona ndikuyang'ana, sanatsitse mkono. "Iwe uli ndi a Dona ako," anatero. "Ine kuno asandidule."